Katemera wa Covid-19 kumudzi: chimene chinkakoka anthu ndi chimene chinkawabweza

Ndine mlangizi wa zaumoyo, amene m'maofesi amatitchula kuti HSA koma kumudzi amangoti adokotala. Ndimagwira ntchito m'midzi ina ya m'boma la Mulanje, kufupi ndi malire a Mozambique. Ntchito yanga ya masiku onse ndi sikelo ya ana, kulera, kuyendera zimbudzi ndi mijigo, kugawa kolorini ndi kulemba malipoti. Mu 2021 anationjezera ina, yobaya akuluakulu katemera wa Covid-19, ndipo pa ntchito zonse zimene ndagwirapo imeneyi ndi imene inandisowetsa tulo. Ndikulemba kuti anzanga amene angoyamba kumene ntchito, mavolontiya, aphunzitsi, mafumu ndi akuluakulu a mipingo adziwe zimene tinakumana nazo, chifukwa mliri wina udzabwera ndipo adzatumidwa ndi iwowo.

Ndimamva anthu ena, makamaka a m'tauni, akunena kuti anthu akumudzi anakana katemera chifukwa cha umbuli. Mawu amenewa amandipweteka. Amayi omwe ankandibweza ndi katemera wa Covid-19 ndi omwewo amene mwezi ndi mwezi amayenda mtunda wautali, mwana kumsana, kudzabayitsa katemera wa chikuku ndi kudzadonthezetsa wa poliyo. Jakisoni amamudziwa ndipo samuopa. Anali ndi zifukwa zawo, ndipo zambiri zinali zomveka ukakhala pansi n'kumvetsera.

Choyamba n'chakuti matendawo sankawaona. Boma linalengeza za anthu oyamba kupezeka ndi kachilomboka pa 2 Epulo 2020, ndipo sukulu zinali zitatsekedwa kale mu Malichi. Kwathu kuno chimene anthu anachiona ndi ana kukhala pakhomo, atsikana kutenga mimba, ndi malonda kuvuta pamalire. Odwala sanawaone. Kenako kunabwera kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni, andale akusonkhanitsa chinamtindi cha anthu m'mabwalo, ambiri opanda masiki. Bambo wina anandifunsa pamsika kuti, "Adokotala, ngati matendawa alipodi, bwanji amaopa misonkhano ya andale?" Ndinalibe yankho lomukhutiritsa. Mu Januwale 2021 zinthu zinasintha m'matauni. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba anazisandutsa zipatala. A m'tauni anachita mantha. Kumudzi uthenga unafika mwina: nthendayi ikupha mabwana, okwera ndege, okhala m'maofesi ozizira. Munthu wolima pa dzuwa, wodya nsima ya mgaiwa ndi chigwada, ankadziona kuti sizimukhudza.

Panalinso mkwiyo wa maliro. Thupi likachokera m'tauni litakulungidwa, abale osaloledwa kusambitsa, kuona nkhope ngakhale kugona pasiwa, anthu ankasweka mtima. Ife a zaumoyo ndi amene tinkaima pamanda titavala zodzitetezera, ndiye mkwiyo wonse unkagwera pa ife. Inayamba kumveka nkhani yoti achipatala akulemba Covid pa maliro alionse kuti alandire ndalama. Ndipo nthawi yomweyo wailesi zinadzaza ndi nkhani ya K6.2 biliyoni ya Covid imene sinayende bwino, yambiri itathera m'maalawansi. Katemera anafika nkhani imeneyi ili mkamwa mwa aliyense. Ndikafika pakhomo ndi kabokosi kanga kozizira, funso loyamba silinali la mankhwala. Linali lakuti, "Inuyo mwalandirapo zingati pa munthu aliyense amene mubaye?" Aliyense amene ali ndi udindo pa ndalama za mliri adziwe kuti zimene amadya kumtunda timakalipira ndife pakhomo la munthu.

Kuno kwathu kuli chilonda china chakale. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inagwedeza Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma ena, anthu anaphedwa powaganizira kuti akupopa magazi, ndipo mabungwe ena anachotsa antchito awo. Kuyambira pamenepo galimoto yachilendo yonyamula anthu osadziwika, okhala ndi majakisoni ndi mabokosi, siilandiridwa mosavuta. Amene ankakonza mapulogalamu ali kutali sankaiganizira mbiri imeneyi. Ife tinkaiganizira tsiku lililonse.

Katemera woyamba anafika pa 5 Malichi 2021, madozi 360,000 a AstraZeneca opangidwa ku India, kudzera mu COVAX, ndondomeko yothandiza mayiko kupeza katemera. Pa 11 Malichi a Pulezidenti Lazarus Chakwera anabayitsa ku Zomba, ndipo wachiwiri wawo, malemu a Saulos Chilima, anabayitsa ku Mzuzu. Oyamba kuitanidwa tinali ife a zaumoyo, aphunzitsi, apolisi, asilikali, okalamba ndi amene ali ndi matenda okhalitsa monga shuga ndi BP. Anthu anamva pawailesi kuti atsogoleri abayitsa, koma anati iwowo awabaya madzi kapena mavitamini. Chimene chinawagwira mtima si kubayitsa kwa a Pulezidenti. Ankayang'ana ine.

Ndinabayitsa pachipatala chathu chaching'ono. Usiku wake thupi linatentha, mutu unawawa, mkono unalemera, ndipo m'mawa ndinadzuka ndili wofooka. Ndinamwa panado, tsiku lotsatira ndinali bwino. Pa sikelo yotsatira ndinawauza amayi zonsezi mmene zinalili, ndi kuwaonetsa khadi langa. Mnzanga wina anandidzudzula kuti ndikuopseza anthu. Ine ndimaona mosiyana mpaka lero. Munthu amene wamuuza kuti sadzamva kalikonse, usiku n'kuyamba kunjenjemera, amadzuka akuuza mudzi wonse kuti amupatsa poizoni. Amene unamuchenjeza amangoti adokotala ananena, n'kumwa panado. Kwa miyezi ingapo amayi ankandiyang'anitsitsa ndikamadutsa pa njinga, ena kundifunsa ndithu mmene ndikumvera m'thupi. Ankafunsa moona mtima, popeza mphekesera inali yoti wobayitsa aliyense amwalira zaka ziwiri zisanathe.

Mphekesera zinali zambiri, ndipo zinkayenda pa foni. Mudzi ungakhale ndi mafoni a WhatsApp ochepa, koma uthenga wa mawu umodzi wochokera kwa mwana amene ali ku Joni umamvedwa ndi banja lonse, n'kufika pamjigo, pachigayo ndi pabawo dzuwa lisanalowe. Ena ankati katemerayu ndi chizindikiro cha 666 cha m'buku la Chivumbulutso. Ena ankati azungu akufuna kuchepetsa anthu akuda. Ena ankati amatseka kubereka ndi kupha mphamvu za abambo, ndipo imeneyi ndi imene inalowa kwambiri, chifukwa kwathu banja lopanda mwana limanyozeka. Kunalinso kanema wa anthu akumata ndalama yachitsulo pamkono, kunena kuti muli maginito. Ambiri ankadalira kufukiza masamba a bulugamu ndi kumwa jinja, adyo ndi mandimu, ndipo ankatchula dziko la Tanzania, kumene malemu a John Magufuli ankakayikira katemera poyera.

Chovuta chinali chakuti mphekesera zina zinali ndi kachoonadi mkati. Mu Febuluwale 2021 dziko la South Africa linaimitsa kugwiritsa ntchito AstraZeneca kafukufuku ataonetsa kuti sankateteza mokwanira ku matenda ocheperako a mtundu wa kachilombo umene unali kumeneko. Mu Malichi mayiko angapo a ku Ulaya anamuimitsa kwa kanthawi chifukwa cha vuto la kuundana kwa magazi limene linapezeka mwa anthu ochepa kwambiri. Ndiye mnyamata ali ku Johannesburg akaimbira mayi ake kuti, "Amayi musabayitse, kuno amukana ameneyo," sankanama kotheratu. Ukamuuza mayiyo kuti mwana wanu akunama, watseka khomo. Ndinkawauza kuti mwana wanu wamva zoona, koma wamva mbali imodzi. Vuto la magazi lilipo, limagwa mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo zizindikiro zake ndikuuzani kuti muzidziwe. Koma inuyo muli ndi zaka zoposa 60 ndiponso BP, ndiye chimene chingakuchotseni msanga ndi Covid. Ena ankavomera pomwepo, ena ankati abwererenso mawa akaimbirenso mwanayo. Ndinkawalola. Nthawi zina ndinkapempha kuti ndiyankhule naye ndekha pa foni.

Mafunso amene anandivuta kwambiri anachokera kwa anthu oganiza bwino. Mayi wina amene amamwa ma ARV anandifunsa kuti, "Edzi tayikira maliro zaka zonsezi katemera wake osapezeka. Uyu wapezeka bwanji chaka chimodzi?" Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo munthu wolifunsa sayenera kukalipiridwa. Ndinamufotokozera kuti banja la tizilombo ta kolona akatswiri analiyamba kale kulifufuza, kuchokera pa mliri wa SARS wa 2003 ndi wa MERS umene unayamba mu 2012, choncho sanayambire pansi. Mayiko olemera anathira ndalama zochuluka nthawi imodzi chifukwa anthu awo ankafa, ndipo katemerayo anayesedwa pa anthu masauzande ambiri asanatifike. Kachilombo ka HIV n'kosiyana, kamasinthasintha mofulumira ndipo kamabisala mkati mwa chitetezo cha thupi chomwecho. Mayiyo anati ndiye kuti Edzi ikanakhala yopha olemera bwenzi atathamanga. Sindinamutsutse. Anabayitsa tsiku lomwelo.

Kwa okalamba ndinapeza njira ina. Ambiri ali ndi chipsera cha katemera wa nthomba pamkono, ndipo amakumbukira nthenda imeneyo, mmene inkaonongera nkhope ndi kuchititsa khungu. Nthomba inatheratu padziko lonse, analengeza mu 1980, ndipo chinaithetsa ndi katemera. Ndikawafunsa kuti, "Agogo, chipsera ichi munachipeza bwanji?" amayamba okha kufotokoza za magalimoto amene ankabwera m'midzi, ndi mmene ena ankathawira kuphiri. Pofika kumapeto kwa nkhani yawo amakhala atadziyankha okha. Agogo oterewa akabayitsa ankakoka mbumba yonse.

Tsopano ndinene chinthu chimene sichinkamveka pawailesi, koma chinatitayitsa anthu ambiri kuposa 666. Kabotolo kamodzi ka AstraZeneca kanali ndi madozi 10, ndipo kakatsegulidwa kankayenera kutha pasanadutse maola 6. Katemera anali wochepa, tinkaopa kutaya. Ndiye pabwera anthu anayi, ukuwauza kuti dikirani tikwane khumi. Adikira mpaka dzuwa kupendeka, ena atopa n'kupita, otsalawo ukuwauza kuti bwerani mawa. Munthu ameneyo wasiya khasu kapena ganyu wa ku esiteti ya tiyi, wayenda wapansi kapena walipira kabaza, walimbana ndi mantha ake usiku wonse mpaka wafika. Ukamubweza sabweranso, ndipo m'malipoti amaoneka ngati wokana. Tinasintha kachitidwe. Ndinkayamba ndayenda m'mudzi ndi volontiya kulemba mayina a ofuna, tikakwana tinkagwirizana tsiku ndi a mfumu, n'kulumikiza ndi tsiku la sikelo kuti amayi asayende kawiri. Abambo tinkawapeza tsiku la msika. Pambuyo pake malangizo anafewa, anatilola kutsegula kabotolo ngakhale anthu asanakwane, ndipo ndikanakonda zikanatero kuyambira pachiyambi.

Kenako kunabwera nkhani yotentha katemera. Madozi 102,000 ochokera ku African Union anafika kumapeto kwa Malichi atatsala ndi masabata ochepa, chifukwa tsiku lake lothera linali 13 Epulo. Pa 19 Meyi boma linatentha madozi 19,610 otsala ku Kamuzu Central Hospital, a nduna ya zaumoyo a Khumbize Kandodo Chiponda ali pomwepo, pofuna kuti anthu atsimikize kuti palibe amene adzabayidwe katemera wotha ntchito. Ine ndinaona kuti anachita bwino, chifukwa mphekesera yoti tikubaya zoola inali itayamba kale. Komabe kumudzi ena anamva theka la nkhaniyo, n'kumati boma lenilenilo lamutentha katemera uja, ndiye kuti ndi woipa. Uthenga ukamachoka ku Lilongwe umafunika munthu woumasulira pabwalo la mfumu tsiku lomwelo, usanagone.

Chimene chinandiwawa koposa chinachitika mu Juni ndi Julayi 2021. India anali ataimitsa kutumiza katemera kunja chifukwa mliri unavuta kwawo, ndipo kuno katemera anatha. Amene tinawabaya mu Malichi ndi Epulo tinali titawalembera kuti abwerenso pakatha masabata 12. Anabwera, makhadi m'manja, ife filiji ilibe kanthu. Nthawi yomweyo mtundu wina wa kachilomboka wotchedwa Delta unalowa, ndipo ulendo uno matenda anafika kumudzi. Aphunzitsi, ogulitsa pamsika, akuluampingo, anthu odziwika mayina anayamba kubanika. Anthu omwe ankanditsekera chitseko anayamba kundiimitsa pamsewu, "Adokotala, katemera uja alipo?" Panalibe. Kumapeto kwa Julayi atabwera wina, m'matauni munali mizere italiitali ndipo anatha masiku ochepa. Pamene ankafika wokwanira kumidzi, maliro anali atachepa, mantha atazirala, anthu abwerera ku zokayika zawo. Mtima wa munthu wofuna katemera sukhalitsa. Amene amagawa katundu adziwe kuti sabata imene anthu akufunsa okha ndi yamtengo wapatali kuposa miyezi ya zimkuzamawu.

Mu Ogasiti kunafika katemera wa Johnson & Johnson wochokera ku America, wobaya kamodzi. Ameneyu anatithandiza kwambiri kwa abambo, kwa ochita geni yodutsa malire ku Muloza, ndi kwa anthu a kutali ndi chipatala. Anthu ankafunsa okha kuti mwabweretsa wa kamodzi uja kapena wa kawiri. Achinyamata ambiri anabayitsa pa chifukwa china: ankafuna satifiketi yoti iwafewetsere ulendo wa ku Joni kapena yosonyeza kuntchito. Sindinkawafunsa ngati akukhulupirira. Koma ena ankabwera mobisa kudzapempha kuti ndiwalembere khadi popanda kubaya, ndalama ali nayo m'manja. Mnzanga watsopano, chimenechi usadzachite ngakhale wopemphayo ndi mlamu wako. Mudzi ukangodziwa kuti khadi limagulidwa, amati ngakhale adokotala akudziwa kuti mankhwalawo ndi oipa.

Panali chinanso chimene mafomu athu sankafunsa: amene amalamula thupi la munthu ndani. Mayi amatha kufuna, koma mwamuna wake wakaniza. Mwamuna amatha kufuna, koma ali pachikamwini ndipo apongozi anena kuti pakhomo pano ayi. Mtsikana amadikira mawu a malume ake. Madzulo ena kunabwera mayi kunyumba kwanga, atanyamula ndowa ngati akupita kumjigo. Anati, "Achimwene, mundibaye koma bambo a kunyumba asadziwe. Ndili ndi chifuwa cha mphumu, ndikuopa kusiya ana." Tinagwirizana kuti abwere kusikelo ndi mwana wake, ndinamubaya kuseri, ndipo khadi lake ndinasunga ine mpaka tsiku limene anadzalitenga yekha. Amayi otere analipo ambiri. N'chifukwa chake kubayira pagulu pokha sikukwanira. Pamafunika bwalo la onse, pamafunikanso kachipinda kamene munthu angalowe popanda womuona. Ndipo pakamwa pa mlangizi pazikhala potseka.

Za mipingo ndinene mosamala, chifukwa inenso ndine wopemphera. Mipingo ikuluikulu, Akatolika, a CCAP, Asilamu ndi ena, atsogoleri awo analimbikitsa anthu kubayitsa, ndipo Papa Francis ananena mu Ogasiti 2021 kuti kubayitsa ndi ntchito ya chikondi. Kumene abusa kapena a shehe analengeza okha ndi kutilola kuima panja mapemphero akatha, tinkamaliza mabotolo. Koma m'dera langa munali abusa a mpingo wina waung'ono amene ankalalikira za chilombo ndi 666 sabata ndi sabata. Sindinapite kukatsutsana nawo za malemba, pamenepo akanandigonjetsa ndipo mpingo wonse ukanandiona ngati mdani. Ndinapita ndi mkulu wina wa mumpingo mwawo amene ndinkamuyeza BP. Tinakhala pakhonde, ndinawafunsa zimene akuopa, ndipo anayankhula nthawi yaitali ine ndili chete. Kenako ndinawaonetsa kabotolo, ndinawawerengera zolembedwapo, n'kuwakumbutsa kuti ana awo onse ndinawabaya ndine ali makanda. Pomaliza ndinati, "Abusa, sindikupempha kuti mulalikire katemera. Ndikupempha kuti nkhosa zanu zodwala shuga ndi zokalamba muzimasule, zisankhe zokha." Iwo sanabayitse mpaka lero. Koma anasiya kutchula nkhaniyo paguwa, ndipo mayi awo owabereka anabwera kudzabayitsa. Palinso mipingo imene imakana mankhwala alionse, imene tinavutana nayo kale pa mliri wa chikuku wa 2010. Kumeneko sindinaphule kanthu, koma sindinasiye kuwapatsa moni ndi kuwagawira kolorini.

Mafumu anatithandiza kwambiri, koma m'njira ziwiri zosiyana zotsatira zake. A gulupu ena anaitanitsa msonkhano, anavula jekete, anapinda malaya, n'kunena kuti, "Yambani ine, anthu anga aone. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe." Atabayidwa anakhala pampando pomwepo mpaka msonkhano kutha kuti aliyense aone kuti sanagwe. Tsiku limenelo anthu anaima pamzere okha. A mfumu ena, pofuna kusangalatsa akuluakulu, anaopseza kuti wosabayitsa achotsedwa pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo ndi wa Mtukula Pakhomo. Sichinali chilamulo cha boma, anangoganiza okha. Anthu angapo anabwera nkhope zili gwa, koma mudzi wonse unatsimikiza kuti pali chobisika, popeza chinthu chabwino sakakamiza. M'mudzi umenewo ndi mmene ndinavutika kwambiri ndi dozi yachiwiri. Mukaona mtsogoleri akuopseza m'dzina la zaumoyo, mupite mukamuletse mwaulemu, ngakhale akuoneka ngati akukuthandizani.

Chakumapeto kwa 2021 kunabwera magalimoto a zimkuzamawu oyenda ndi katemera m'misika ndi m'midzi. Anathandiza, chifukwa anachotsa vuto la mtunda. Koma ndinaona kuti galimoto ikafika ndi nkhope zachilendo zokhazokha, ana ndi amene ankathamangira nyimbo, akuluakulu ataima patali. Mukakhala ine kapena volontiya wa m'mudzimo, anthu ankayandikira. Njira imene inabala zipatso koposa ndi ya khomo ndi khomo. Munthu ali pakhonde pake amafunsa zimene sangafunse pagulu: ngati angamwe mowa akabayitsa, ngati angagone ndi mkazi wake, ngati woyamwitsa kapena woyembekezera angabayitse, ngati sizisokoneza ma ARV. Ambiri amene ankaoneka ouma mtima anali ndi kafunso kamodzi kotere kamene analibe pokafunsira.

Ukabaya usathawe. Munthu akhale pansi kanthawi umuone, chifukwa alipo ochepa kwambiri amene thupi limadana ndi mankhwala nthawi yomweyo. Umuuze kuti kutentha thupi, kuphwanya ndi kuwawa kwa mkono kwa tsiku limodzi kapena awiri si zoopsa. Umuuzenso zoopsazo: kubanika, kupweteka pachifuwa, mutu wosasiya ngakhale wamwa mankhwala, kusaona bwino, kutupa mwendo. Zikatero athamangire kuchipatala ndi khadi lake. Ndinkasiya nambala yanga ya foni, ndiponso ya Chipatala Cha Pa Foni, 54747, ndipo m'mawa mwake ndinkadutsanso m'mudzimo. M'mudzi wina agogo amene ndinawabaya anamwalira patapita masabata angapo. Anali odwala mtima kwa zaka, koma pasiwa panamveka kuti wawapha ndi katemera. Anzanga anandilangiza kuti ndisaonekeko. Ndinapita, ndinapereka chipepeso, ndinakhala ndi amuna anzanga mpaka kumanda. Pambuyo pa maliro ndinakhala pansi ndi mwinimbumba, tinatsegula buku la kuchipatala la malemuwo n'kuwerenga limodzi, ndipo ndinamuuza kuti ndalemba lipoti kuti akuluakulu afufuze. Ndikanabisala, m'mudzi umenewo simukanalowanso katemera wa mtundu uliwonse.

Mu Disembala 2021 kutabwera mtundu wina wa kachilomboka wotchedwa Omicron, anthu obayitsa ena anadwala. Amene anauzidwa kuti ukabayitsa sudzadwalanso anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Ine ndinkanena kuyambira kale kuti katemerayu ali ngati kufolera nyumba: mvula igwabe, mwina pena padontha, koma sugona m'madzi. Ntchito yake yaikulu ndi kuletsa kuti matenda asakufikitse pa okosijeni kapena kumanda. Tisamalonjeze zoposa zimene mankhwala angachite pofuna kukwanitsa nambala ya mwezi umenewo.

Boma linkafuna kubaya anthu pafupifupi 11 miliyoni, ndipo sitinafikepo. Covid inapha anthu oposa 2,600 olembedwa m'kaundula m'dziko muno. Mu 2022 maso a anthu anatembenukira kwina. Namondwe Ana anagwetsa nyumba mu Januwale, poliyo anapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale, kolera inayamba mu Malichi n'kupha anthu oposa 1,700 isanathe, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatikokolola kuno ku Mulanje ndi Phalombe. Katemera wa kolera wakumwa anthu ambiri ankamufuna okha, chifukwa kolera ankaiona ndi maso, munthu wadzuka bwino madzulo wapita. Pamene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linkalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid si ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, kwathu anthu anali m'misasa, akuganiza za chakudya.

Zotsalira za nthawi ija tikulimbana nazobe. Pa kampeni ya poliyo makomo ena ankabisa ana, kunena kuti tasungunula wa Covid m'madontho. Katemera wa HPV, woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse lino mu 2019, walowa m'mphekesera yomweyo yotseka kubereka, chonsecho khansa imeneyi ikupha amayi ambiri kuno kwathu. Masiku ano ndisanapite kusukulu ndi katemera aliyense, ndimayamba ndakumana ndi a mfumu, a komiti ya sukulu ndi amayi a mother group, ndimawaonetsa kabotolo ndi tsiku lake lothera, ndi kuwauza dzina la nthenda imene tikuteteza. Ndimawapempha asankhe mayi mmodzi woti adzakhale m'kalasimo tsiku lobaya, aziona kabotolo kalikonse kakutsegulidwa. Kholo limene likukayikabe ndimalemba dzina lake, ndipo sabata yomweyo ndimakalipeza pakhomo.